Kalonga wa ku Mufakose

Kuno ku Mufakose, mu Harare, masiku ena magetsi amabwera anthu atagona kale. Akangoti phethi, mayi a kunyumba amadzuka kukasita mayunifomu a ana, ine ndimadzuka kukalamulira dziko. Laputopu yomwe ndimagwiritsa ntchito inasiyidwa ndi kasitomala wina pa tebulo langa lokonzera mafoni m'tauni, kufupi ndi Kopje. Anati abwera Lachisanu, koma pano padutsa zaka zitatu. Batire yake inafa kalekale, ndipo fani imalira ngati chigayo cha dizilo, moti ndimaikhazika pa zitsekerero zinayi za mabotolo kuti izipuma kunsi. Pa chigayo chimenechi ndi pomwe ndakhala Kalonga wa Amaravi kwa zaka zopitirira 150.

Gemu yake ndi Europa Universalis IV, yomwe kampani ya Paradox ya ku Stockholm inatulutsa mu 2013. Imakupatsa mapu a dziko lonse lapansi monga linalili pa 11 Novembala 1444, iwe n'kusankha dziko limodzi loti uliyendetse mpaka 1821. Suthamangitsa munthu ndi mfuti ngati m'magemu a ana aja. Ntchito yako ndi misonkho, akazembe, maukwati a mafumu, ngongole, asilikali ndi kudikira. Anandiphunzitsa ndi mnzanga wa Chishona wa ku Glen Norah amene amagulitsa machaja ndi makava a mafoni pa tebulo loyandikana ndi langa. Tsiku loyamba anati nditenge Ottoman, dziko lomwe ngakhale wophunzira kumene sangafe nalo. Ndinalitengadi, ndinalanda Constantinople, ndinameza oyandikana nawo mmodzimmodzi, ndipo pofika 1500 ndinali nditayamba kuyasamula. Zinali ngati kusewera bawo ndi mwana wa zaka zisanu: umadya ndithu, koma mtima sugunda.

Usiku wina ndikungoyendayenda pa mapu, ndinatsikira kumwera, kudutsa Ethiopia, kudutsa Kilwa, mpaka ndinaona nyanja yaitali yopyapyala ija. Pambali pake panalembedwa kuti Maravi. Pafupi panali Lundu, Tumbuka ndi Makua, ndipo kutsidya kwa Zambezi kunali Mutapa, ufumu wa anzathu a Chishona. Mayiko amenewa, kupatula Mutapa, anawonjezedwa mu 2016, nthawi yomwe ankatulutsa chigawo cha Mare Nostrum. Ndinakhala kaye duu, dzanja lili pa mausi.

Mwina wa ku Lilongwe kapena ku Chipata sangamvetse chomwe chinandigwira. Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950, anagwira ntchito pa famu ya fodya kwa zaka zingapo, kenako analowa m'tauni ya Salisbury, Harare ya lero, n'kumasesa misewu mpaka kupuma. Sanabwererenso. Kumudzi anthu otere amawatcha matchona. Ine ndinabadwira konkuno, ndipo ku Malawi ndinapitako kamodzi kokha, pa maliro, pa basi yodzera ku Nyamapanda ndi ku Tete. Kusukulu ankatitcha mabhurandaya, dzina lochokera ku Blantyre, ngakhale kwathu kulibe amene anakhalako ku Blantyre. Ena ankati ndife anthu opanda mutupo, ngati kuti Banda ndi Phiri ndi mayina a sopo. Chitupa cha bambo anga chinkawatcha mlendo m'dziko lomwe anabadwiramo, mpaka malamulo aakulu a dziko atasintha mu 2013. Ndiye tangoganizani munthu wokula chonchi akupeza kwawo pa mapu a 1444, kuli ndi dzina lakelake, mbendera yake ndi mfumu yake, Salisbury kulibe, Blantyre kulibe.

Ulendo woyamba ndinafa msanga, ndipo ndinadzipha ndekha. Ndinabwera ndi mtima wa Ottoman m'thupi la Maravi. Ndinamenya Lundu, nkhondo isanazizire ndinalumphira Tumbuka, kenako maso anali pa Makua. Gemu ili ndi kaundula wa mkwiyo wa anansi ako: ukalanda malo ambiri m'nthawi yochepa, nambala ya mkwiyo imakwera, ndipo ikapitirira 50 amene akukuopa amatha kupangana kuti akugwere limodzi. Anandigweradi. Anyamata oti alowe usilikali anali atatha, m'thumba munali ngongole zisanu, ndipo zigawenga zinadzuka m'madera omwe ndinalanda. Pofika cha m'ma 1470 dzina la Maravi linafufutika pa mapu. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mnzanga wa machaja anaseka mpaka kasitomala wake anachoka osagula.

Ulendo wachiwiri ndi womwe unandiphunzitsa gemu. Dziko laling'ono limayendera mapointi atatu omwe amalowa mwezi ndi mwezi: a kayendetsedwe ka boma, a ukazembe ndi a nkhondo. Kuchuluka kwake kumadalira kwambiri mfumu yomwe uli nayo, chifukwa mfumu iliyonse imabadwa ndi luso loyambira pa 0 mpaka 6 pa mbali iliyonse. Ukapeza mfumu ya 1, 0, 2 yomwe ili ndi zaka 20 ndi thupi lathanzi, ungolira, chifukwa ikhalapo mpaka imvi. Mapointi omwewo ndi ogulira luso latsopano, okhazikitsira malo omwe walanda, otukulira midzi, okhazikitsira bata. Wa France akamwaza 100 sazindikira n'komwe. Ine ndisanawononge 50 ndimayamba ndawerengera pa kapepala, ngati mmene mayi a kunyumba amawerengera ndalama ya ndiwo asanakwere kombi yopita ku Mbare Musika.

Pamwamba pa izo pali zomwe gemu imazitcha institution, nzeru zazikulu zomwe zimabadwa kwinakwake n'kumafalikira pang'onopang'ono. Renaissance imabadwira ku Italy cha mu 1450, ya atsamunda cha mu 1500, ya makina osindikizira mabuku cha mu 1550, ndipo zina zimatsatira pakapita zaka 50 zilizonse. Ngati sizinakufike, luso lililonse umaligula modula kuposa anzako. Kuchokera ku Florence kukafika ku Nyanja ya Malawi ndi kutali, ndipo ukati udikire kuti zibwere zokha udzazilandira adzukulu a adani ako ali kale ndi mizinga. Njira yomwe osewera amagwiritsa ntchito ndi yothira mapointi ako onse m'chigawo chimodzi, kuchitukula mobwerezabwereza mpaka nzeruyo itamera pomwepo. Ndinachita zimenezo ku likulu langa. Kwa zaka pafupifupi 20 za m'gemu sindinamenye nkhondo ngakhale imodzi. Ndinkangoika liwiro pa 4, n'kumayang'ana miyezi ikudutsa, tiyi ali m'manja. Mwana wanga wamkulu atadzuka kukataya madzi anaima kumbuyo kwanga n'kufunsa kuti, "Adadi, gemu yanuyi yafa?" Ndinamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, iye anangobwerera kukagona.

Koma chodabwitsa n'chakuti m'zaka zopanda nkhondozo ndi momwe mtima unkagunda kwambiri. Uli wamng'ono, uthenga uliwonse wotuluka pakona ya sikirini ukhoza kukhala imfa yako. Kilwa yathetsa ubale ndi uje. Mutapa yakutenga ngati mdani. Mfumu yamwalira, wolowa m'malo ali ndi zaka zitatu. Wa dziko lalikulu mauthenga otere amangowatseka osawerenga. Ine ndimawerenga uliwonse kawiri, ndipo akazembe anga awiri sakhala pansi: mmodzi amakhala ku Mutapa kukometsa nkhope yanga, wina amazungulira kwa aliyense amene ali ndi asilikali ambiri kuposa anga.

Nkhani ya Mutapa ndi yomwe ndimafuna kukhalitsapo. Kuti ndipulumuke ndinachita nawo mgwirizano ndi ukwati wa mafumu. Chitetezo ndinachipeza, koma mtengo wake ndi wakuti mkulu akaitana, umapita. Kangapo konse ndatumiza anyamata anga 6,000 kukafera kufupi ndi Sofala pa nkhondo yomwe sindinaiyambe, yolimbirana doko lomwe sindidzalandirako ngakhale khobidi. Ukakana, mgwirizano umatha pomwepo, mbiri yako imagwa, ndipo mawa lake ukhoza kupeza mnzako wa dzulo ali pa malire ako. Poyamba zinkandiwawa, mpaka ndinayamba kuwerenga mbiri yeniyeni ya nthawi imeneyo n'kupeza kuti mafumu athu ankasewera gemu yomweyi ndi anthu amoyo. Muzura, mfumu yamphamvu ya Amaravi, mu 1608 anatumiza ankhondo 4,000 kutsidya kwa Zambezi kukathandiza Apwitikizi omwe ankatchinjiriza Gatsi Rusere, mfumu ya Mutapa, kwa omuukira. Mu 1622 Apwitikiziwo anamubwezera pomuthandiza kugonjetsa Lundu, mfumu ya ku chigwa cha Shire. Gatsi Rusere atamwalira, Muzura yemweyo anawoloka Zambezi kukamenya dziko lomwe analiteteza kale, koma sizinamuyendere, ndipo anabwerera. Munthu ameneyu ndikanakhala naye pa tebulo limodzi, sindikanamuphunzitsa kanthu. Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, anadutsa kwa Muzura mu 1616 pa ulendo wake wapansi wochokera ku Tete kupita ku Kilwa, ndipo anapeza mfumu yomwe inkadziwa bwino kulandira mlendo amene ingadzamufune mawa.

Loweruka lina malume anga, alongo awo a mayi, anabwera kuchokera ku Mabvuku n'kugona kwathu. Ndi mkulu wa mpingo ku CCAP, munthu wa jekete ngakhale kutenthe bwanji. Magetsi atabwera anandipeza pa chigayo changa.

"Kodi mphwanga, usiku ngati uno ukuwerengera ndalama za yani?"

"Bwerani muone, malume. Uku ndi kwanu."

Anakoka mpando, anavala magalasi, ndipo ndinawaonetsa nyanja, Zambezi ndi dzina la Maravi. Anafunsa kuti Dedza ili pati. Ndinawauza kuti zigawo za m'gemu ndi zikuluzikulu, chimodzi chimameza maboma angapo a lero. Anagwedeza mutu, koma sanachoke. Kenako panatuluka uthenga woti kwabadwa wolowa ufumu, ine n'kusangalala chifukwa anali ndi luso labwino.

"Mwana wa yani ameneyo?"

"Wa mfumu, malume."

"Wa mfumu? Ndiye walowa bwanji? Kwathu mwana wa mfumu salowa ufumu. Amalowa mwana wa mlongo wake. Iweyo ndi amene ungalowe dzina langa, osati ana anga aja."

Ndinayesa kufotokoza kuti gemu ili ndi lamulo limodzi la mafumu onse, kaya wa ku Burgundy kaya wa kwa ife. Iwo anati ndiye kuti amene ndikumuyendetsayo ndi mzungu wovala nyakula. Anandikumbutsanso kuti Kalonga sankalamulira yekha: panali Nyangu, mayi wa ufumu, amene m'mimba mwake munkachokera mafumu, ndipo panali Makewana ku Msinja, wosunga kachisi wa mvula. Ufumu unali wa a Phiri, koma nthaka ndi mvula zinali m'manja mwa ife a Banda. "Ndiye iwe wa Banda ukukhala pa mpando wa a Phiri usiku, anthu ali m'tulo," anatero. "Samala."

Pomwe tinagwirizana ndi pa chipembedzo. Gemu imaika Maravi, Mutapa ndi mayiko ambiri a mu Africa m'thumba limodzi lotchedwa Fetishist, dzina lomwe sindilikonda, koma mkati mwake mfumu imasankha mwambo woti itsate. Pa mndandandawo pali Mwari wa anzathu a Chishona, ndipo pali Mlira. Malume ataona liwu limenelo anavula magalasi n'kuwapukuta. Anati amayi awo ankalitchula. Mlira unali mwambo wa mzimu wa Kalonga woyamba, womwe unkasonkhanitsa akuluakulu a Phiri ku Mankhamba chaka ndi chaka, n'kutsiriza ndi kutentha tchire la Marimba m'mbali mwa nyanja. Mkulu wa mpingo uja anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Sankha umenewo." Sindinawauze kuti Mwari akanandipindulira kwambiri pa nkhondo yomwe inkabwera. Ndinadina Mlira.

Mankhamba yomweyo ili kufupi ndi Mtakataka, m'boma la Dedza lomwe agogo anachokera. Akatswiri ofukula zakale, motsogozedwa ndi Yusuf Juwayeyi, anapezako mikanda ya galasi, zamkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale zadothi za ku China. Ndikaganiza kuti basi yomwe inanditengera ku maliro inadutsa m'boma lomwelo ine ndili m'tulo, ndimadzimvera chisoni pang'ono.

Pali mapu ena m'gemu omwe ndimawatsegula ndikafuna kudzipweteka mtima: mapu a malonda. Dziko lonse linagawidwa m'misika, ndipo pakati pa misikayo pali mivi yosonyeza komwe chuma chimalowera. Minyanga yanga imalowa mu msika wa Zambezi, kuchoka apo muvi umaloza ku Zanzibar, kuchoka ku Zanzibar umatsikira ku Cape, kenako ku Ivory Coast, mpaka kukafika ku Sevilla kapena ku English Channel. Mivi imeneyi sitembenuka. Ungakhale ndi asilikali 200,000, ungalande gombe lonse, chuma cha ku Sevilla sichidzayenda chobwerera kudza ku Zambezi. Chomwe ungathe n'kutchinga: kuika amalonda ako ndi zombo zako pa msika umodzi kuti zambiri zitsalire kwa iwe zisanapitirire. Osewera ena zimawakwiyitsa, ndipo ndimawamvetsa, chifukwa mu 1444 palibe chomwe chinali chitalembedwa kale kuti Lisbon idzadya za Sofala. Koma ine ndikayang'ana miviyo ndimaonanso njira ya agogo. Nawonso anatsata muvi: kuchoka ku Dedza kudza ku Tete, kuchoka ku Tete kudza ku Salisbury, ndipo anzawo ena anapitirira mpaka ku migodi ya ku Joni. Obwerera analipo, koma muvi sunkaloza kumeneko.

Miyezi iwiri yapitayi ine ndi mnzanga wa machaja tinayamba kusewera limodzi. Amabwera Loweruka madzulo ndi laputopu yake, timalumikiza pa foni, iye Mutapa, ine Maravi. Iye ali ndi migodi ya golide, ndipo golide m'gemu ndi dalitso lokhala ndi mchira: ndalama zimalowa zambiri, koma mitengo ya zinthu imakwera chaka ndi chaka. Nditamuuza kuti asamale ndi kukwera kwa mitengo, anandiyang'ana n'kunena kuti munthu amene anagulapo buledi ndi mabiliyoni mu 2008 sangaphunzitsidwe zimenezo ndi mubhurandaya. Pakamwa pake liwu limenelo silindipweteka. Tinadyera limodzi sadza ya pa mbale imodzi zaka zambiri. Iye amandiseka kuti ndimasewera ngati wobwereka nyumba: sindikweza mawu, ndimalipira msanga, ndimapatsa moni aliyense. Ndinamuyankha kuti kwa eni kulibe mkuwe, ndipo amene anatiphunzitsa zimenezo ndi iwowo.

Chomwe sadziwa n'chakuti wobwereka nyumba amadziwa pomwe denga likudontha kuposa mwini wake. Ndikudziwa kuti asilikali ake ndi ambiri koma luso lawo latsalira kumbuyo kwa langa ndi masitepe awiri, chifukwa mapointi ake anathera kukhazikitsa malo omwe analanda ku Kilwa. Ndikudziwa kuti ali ndi ngongole zinayi. Ndikudziwanso kuti ndikanafuna, ndikanachita za Muzura.

Apwitikizi m'mbiri yeniyeni anafika ku Sofala mu 1505, chaka chomwecho Francisco de Almeida anagwetsa Kilwa. Pofika m'zaka za m'ma 1530 anali ku Sena ndi ku Tete, ndipo mu 1629 Mavhura anasaina pangano lomwe linaika Mutapa pansi pa mfumu ya Portugal. Zinatengera Changamire Dombo kuti awathamangitse ku Dambarare mu 1693. Mnzangayo mbiri imeneyi amaidziwa kuchokera kusukulu, ndipo kuyambira tsiku loyamba wakhala akunena kuti kwa iye za 1629 sizidzachitika. M'gemu yathu anachedwako. Tinayamba kuona zombo zawo zikuzungulira gombe, kenako anatenga kachigawo kamodzi kufupi ndi Quelimane, n'kukhala phee kwa zaka zambiri ngati sakufuna kanthu.

Loweruka lapitali, m'mwezi wa Meyi 1597, Portugal inalengeza nkhondo pa Mutapa, ndipo kumbuyo kwake kunali Castile. Pa sikirini yanga panatuluka kalata yondiitana ku nkhondo, mabatani awiri, kuvomera kapena kukana. Mnzanga anaimitsa gemu n'kutembenuka. "Handei, sahwira," anatero. Sahwira kwa anzathuwa si liwu lamasewera. Ndi mnzako amene adzakuike m'manda. Ndinayang'ana nambala. Ndikavomera, asilikali anga 18,000, omwe ndawasunga ngati mazira kwa zaka 150, akakumana ndi mizinga yomwe sitinaionepo, ndipo mwina tonse awiri tithera pomwepo. Ndikakana, iye agwa yekha, ine nditsala ndi mwayi wotola Tete m'phulusa lake, kenako n'kudzakhala ndekha maso ndi maso ndi Apwitikizi, komanso Lolemba n'kukakhala naye pa tebulo loyandikana tsiku lonse.

Malume analiponso usiku umenewo, akuwodzera pa sofa. Ndinawafotokozera mwachidule. Anatsegula diso limodzi.

"Nkhanga zinapangana kusanapse. Munapangana chiyani?"

"Kuti tidzathandizana, malume."

"Nanga iyeyo anakuthandizapo kangati?"

Mnzanga anayamba kuwerenga pa zala, anafika pa chala chimodzi n'kuima. Malume anati ngati ndipite, ndiyambe ndamuuza kuti Tete ndi wanga nkhondo ikatha, ndipo anene pamaso pa mboni. Mnzanga anati zimenezo ndi umbava. Malume anati ayi, ndi ukazembe. Akukangana choncho, dzanja langa lili pa mausi, magetsi anathima. Laputopu yake inapitiriza kuyaka, koma gemu inali pa yanga yopanda batire ija, ndipo chigayo chinangoti zii.

Gemu imadzisunga yokha pa 1 Januwale chaka chilichonse, ndiye Loweruka likubwerali tidzayambira pa Januwale 1597. Mwina Portugal idzabweranso mu Meyi, mwina idzasintha maganizo, chifukwa kompyuta sibwereza zinthu ndendende. Ndili ndi miyezi inayi ya m'gemu, mapointi a nkhondo 340, ndi kazembe mmodzi amene alibe ntchito. Sabata yonseyi mnzanga wakhala akundigulira tiyi wa m'mawa osandiuza chifukwa, ndipo dzulo anandipatsa chaja yatsopano ulere. Kazembe uja ndaganiza zomutumiza ku Lisbon, kukangopereka moni.